Makina osokera tinawagulira aja agulitsa, tipitirize kapena tileke?

NaBanda_Chawama:
Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yatigawanitsa ku chigwirizano cha amayi kutchalitchi kwathu ndipo Sabata likubwerali tikuyenera kumanga chimodzi. Chaka chatha tinasonkha ndalama, ena anakazinga vitumbuwa ena anapereka za chilimba chawo, mpaka tinagula makina osokera anayi opalasa ndi miyendo aja nkupatsa amayi othawa nkhondo amene timapemphera nawo, awiri a ku Congo awiri a ku Burundi. Tinalipiranso telala wina wa pamsika kuti awaphunzitse. Tsopano tapita kukawazonda tapeza makina atsala pa nyumba imodzi chabe. Mayi wina anangoti ana anali ndi njala, wina akuti alandilodi anatenga chifukwa cha renti, wachitatu sitinamupeze nkomwe akuti anasamuka usiku. Amayi ambiri akuti basi tisatayenso ndalama, anthu awa anazolowera kulandira kumakampu ntchito sangaithe. Ine mtima ukukana koma ndilibe poyankhira. Kodi thandizo limamudzutsa munthu wothawa kwawo kuti ayambenso kudzidyetsa yekha kapena limangomugoneka?

Bambo_aChiko:
Limamugoneka amayi, tisabisane. Munthu walandira ufa zaka khumi osagwira khasu, mukamupatsa makina iye akuona ndalama basi. Ndalamazo gulirani ana amasiye mayunifomu.

SowetoQueen:
A Bambo_aChiko shopu imene mumagula pamela ndi ka saladi usiku wa 22 koloko ni ya ndani? Si ya mu Rwanda? Amatsegula 05 inu mukali kuliza mkonono

Bambo_aChiko:
A ku Rwanda ni ena mayi, aja bizinesi ili m'magazi. Ine ndikunena awa ongokhalira kudikira galimoto yoyera ya bungwe.

SowetoQueen:
Ayi ine funso langa lipite kwa amayi NaBanda, pepani ngati ndilankhule mokalipa. Ndani anasankha zosoka? Iwo eni ake anapempha makina kapena komiti inakhala pansi nkuganiza yokha? Chifukwa ine ndili pamsika tsiku ndi tsiku ndipo matelala ndimawaona akuwodzera pa makina. Diresi ya salaula munthu agula K40 nkuvala tsiku lomwelo, telala akuti bweretsa chitenge chako, ulipire kusoka, ubwere Lachisanu, Lachisanu lija ukamupeza sanayambe. Ndalama ya telala ili mu January pa mayunifomu ndi pa makitchen party ndi chilanga mulilo basi, ndipo pamenepo anthu amapita kwa telala amene amamudziwa kale, sangapereke chitenge cha K300 kwa munthu waphunzira dzulo. Ndiye mayi uja ali mu ka rumu kamodzi kuseri kwa komboni, alibe malo pamsika, alibe ulusi, alibe layiningi, alibe simbi, makasitomala amuona bwanji? Ngakhale ine mwana wa muno nditapatsidwa makina otero ndingagulitse nkukaoda tomato.

NaBanda_Chawama:
Komiti ndiyo inasankha asisi. Tinaona kuti mabungwe onse amapereka makina ndiye tinati ndiye zoyenera zake.

Mwana_wa_Uvira:
Moni makolo. Ine ndine mmodzi wa anthu mukukambawo ndiye ndiloleni ndiyankheko, Chinyanja ndinaphunzira muno mu Lusaka mundikhululukire pomwe chapindika. Tinachoka ku Uvira ku Congo ndili mwana, ndakulira ku Meheba, malo osungira othawa kwawo muno mu Zambia. Amayi anga ali ndi masatifiketi odzaza chikwama, ya kusoka, ya kusokanso kachiwiri, ya kupanga sopo, ya kuweta nkhuku. Bungwe lililonse likabwera limalemba maina, kuphunzitsa, kujambula zithunzi, kupita. Anthu amapita kumaphunzirowo ngakhale akudziwa kale kusoka chifukwa masana kuli nsima ndi ka ndalama ka thiransipoti, ndipo sindikuwanena, njala ni njala. Koma tangoganizani mseu umodzi amayi makumi awiri onse aphunzira kupanga sopo, agulitsa kwa ndani pomwe oyandikana nawo onse akupanganso sopo yemweyo ndipo palibe ali ndi ndalama.
Za ulesi a Bambo_aChiko, ife tinali kulima. Kabichi, chimanga, mbatata, zinali kuchoka ku munda kwathu. Vuto linali pa geti. Kuti utuluke kupita ku Solwezi kapena ku Manyama kufupi ndi mugodi wa Lumwana komwe kuli ndalama, uyenera kukhala ndi gate pass, ndipo pamene ukuyendera pepalalo kabichi sadikira. Ndiye amalonda amalowa okha ndi ma Canter nkutchula mtengo wawo chifukwa akudziwa kuti sungapite kwina. Iwe walima miyezi, iye wadya phindu pa tsiku limodzi. Ukachita zimenezi zaka zingapo mphamvu yolima imachoka yokha, ndipo wobwera kudzaona amalemba mu lipoti kuti anthu awa amadalira thandizo.

Kalulu_wa_Matero:
Masatifiketi odzaza chikwama kkkkk ngati ma graduate athu a pa UNZA omwe ali m'mabuuthi a Airtel Money

Paralegal_Kabwata:
Mwana_wa_Uvira wakhudza pamene pali nkhani yeniyeni ndipo anthu ambiri a muno sadziwa. Zambia inasaina pangano la 1951 lokhudza othawa kwawo koma inakana kumangidwa ndi ndime zina, makamaka ya ufulu woyenda ndi kukhala pomwe ufuna, ndi ya kulembedwa ntchito. Lamulo lakale la 1970 linali lowasunga m'malo osankhidwa basi. Linasinthidwa ndi Refugees Act ya 2017 imene ndi yabwinoko, komabe maziko ake ndi omwewo: malo a wothawa kwawo ndi Meheba, Mayukwayukwa kapena Mantapala, ndipo kuti akhale mu Lusaka pamafunika chilolezo cha ofesi ya Commissioner for Refugees, chimene chimaperekedwa pa zifukwa monga matenda, sukulu, chitetezo kapena ntchito. Chilolezo chokhala mu tauni sichilolezo chogwira ntchito, cha ntchito kapena bizinesi ndi china cha ku Immigration ndipo ndalama zake anaikira munthu wobwera ndi chuma kudzayambitsa kampani, osati mayi wa makina amodzi ku Chawama. Boma linakhazikitsa National Refugee Policy mu 2024 yolonjeza kufewetsa zimenezi, koma mfundo za boma sizifafaniza lamulo mpaka Nyumba ya Malamulo italisintha.
Ndiye amayi NaBanda musanaweruze, funsani kaye kuti amayi anayiwo ali ndi mapepala otani. Amene anasamuka usikuyo mwina sanakuthaweni inu.

NaBanda_Chawama:
Zoona za mapepala sitinafunse, kutchalitchi sitifunsana ma ID.

Mwana_wa_Uvira:
Ndipo mukafunsa mufunse mofatsa amayi, pawekha osati pagulu, chifukwa funso limenelo kwa ife limabwera ndi anthu ovala yunifomu ndipo limatha ndi kutulutsa ndalama ya m'kabati. Ine ka shopu kanga ka ma charger ndi ma cover kali mu dzina la mnzanga wa muno. Ni munthu wabwino koma tsiku akadzasintha mtima ndilibe kokadandaula.

Bambo_aChiko:
Nanga ngati lamulo likuti akhale ku Meheba abwereranji kuno? Malo anapatsidwa aulere, ife ana a dziko lino plot tikugula.

Mlangizi77:
Ankolo, si wothawa nkhondo aliyense amene anali mlimi kwawo. Nkhondo sisankha, imathamangitsa namwino, makanika, mphunzitsi, wometa tsitsi, woimba. Munthu wakulira mu tauni ya Bukavu kapena Bujumbura mwamupatsa khasu ndi nkhalango yoti agwetse, mukuti atani.
Ndinagwirako ntchito ya ulangizi ndi bungwe lina kumalo amenewa ndiye ndinene zomwe maso anga anaona. Mpamba umene umafika panyumba yopanda chakudya umadyedwa, zilibe kanthu kuti ni makina, mbuzi kapena feteleza. Mayi sangayang'ane mwana akulira njala makina ali pakona. Nchifukwa chake njira ina imene inayambira ku Bangladesh ndi bungwe la BRAC, amaitcha Graduation ndipo inayesedwako ku Meheba, imayamba ndi kupatsa banja ka ndalama ka chakudya mwezi ndi mwezi, kenako maphunziro a ntchito imene munthu wasankha yekha mogwirizana ndi msika, kenako mpamba, kenako gulu losunga ndalama, ndipo mlangizi amayendera nyumbayo pafupipafupi kwa chaka ndi kupitirira. Ndi yodula, nchifukwa chake mabungwe ambiri amangotolapo gawo la mpamba lokha chifukwa ndilo limaoneka bwino pa chithunzi.
China ndi nthawi. Ndaonapo mbewu ndi feteleza zikufika mu January mvula itayamba kalekale mu November, chifukwa ndalama za opereka zimayenda ndi kalendala ya ofesi yawo. Mlimi wanzeru akalandira mbewu mochedwa chotero amagulitsa, ndipo akulondola. Koma mu lipoti zimalembedwa kuti anagulitsa zipangizo.

SowetoQueen:
Amayi NaBanda tiuzeni za uja makina akali nawo. Ali ndi chiyani chimene anzake alibe?

NaBanda_Chawama:
Amuna ake amamanga nyumba, amapeza maganyu ku Chalala ndi ku Lilayi. Komanso iye anali kusoka kale kwawo, masitayilo a chi Congo aja a manja otukuka, moti amayi a kwaya ayamba kumupatsa nsalu. Enawo awiri alibe amuna, wachitatu amuna ake ndi odwala.

SowetoQueen:
Ndiye mwadziyankha nokha. Uyo nsima inalipo kale panyumba.

Aphunzitsi_Opuma:
Ana anga ndiloleni mkulu ndiikepo mawu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ife a ku Petauke nkhani iyi si yachilendo. Nkhondo ya Renamo ndi Frelimo ku Mozambique itakula m'ma 1980, anthu a ku Tete anadzaza m'midzi ya m'malire, ku Chadiza, Katete, Petauke, ndipo ambiri anali a chilankhulo chathu chomwechi, ena achibale enieni. Mu 1987 boma linatsegula Ukwimi nkuwasamutsira kumeneko. Ndinaphunzitsapo ana awo. Chimene chinachitika kumeneko nchakuti banja limapatsidwa munda, makasu, mbewu, ndi chakudya choti liwoloke nacho mpaka litakolola, ndipo aliyense amadziwa kuyambira pachiyambi kuti chakudyacho chidzatha. Nthaka inali yatsopano, anthu anali alimi kale, chimanga ndi nsawawa zinachita bwino mpaka ife a m'midzi yozungulira tinayamba kukagula ndi kukachita maganyu kwa iwo, ena mpaka kudandaula kuti alendo ali ndi zipatala ndi mijigo kuposa eni dziko. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anayamba kubwerera, pofika 1994 ambiri anapita, ena atanyamula njinga, malata ndi mbuzi zomwe sanabwere nazo. Malowo anasanduka a anthu a muno ofuna minda.
Ndiye a Bambo_aChiko thandizo linalipo lambiri ndithu ku Ukwimi ndipo silinagoneke munthu. Koma ndivomereze mbali yanu pang'ono: kumeneko anthu anapatsidwa chinthu chimene manja awo amachidziwa, pa nthaka yobereka, pakati pa anthu omva chilankhulo chawo. Zitatuzi sizipezeka paliponse.

Chanda_Kopala:
Aphunzitsi mwaiwala kunena kuti anathawanso chifukwa mbewa zonse za ku Petauke munamaliza, analibe ndiwo

Kalulu_wa_Matero:
Mu Bemba walowa bwanji pagulu lino, admin tsekani chitseko anyani angathe ku Munda Wanga kkkk

Chanda_Kopala:
Ndakwatira kwanu mbuya, ndili ndi permit yokhazikika, ya Immigration siifika apa

Aphunzitsi_Opuma:
Iwe Chanda mbewa ndi ndiwo za mafumu, bwera ku Mtendere mu July udzalawe yowamba bwino usiye kudya zokwera m'mitengo.

Admin_Tiyanjane:
Chimbuya chikathere kumaliro abale, amayi NaBanda akufuna yankho lisanafike Sabata.

Dowa_Boy:
Ine ndine wa ku Malawi ndili kuno pa ntchito, kwathu ndi kufupi ndi Dzaleka. Ndikufuna a Bambo_aChiko amve izi chifukwa akuti anthu abwerere ku kampu. Dzaleka inali ndende nthawi ya Kamuzu, inasanduka kampu mu 1994, malo ake anali a anthu 10,000 kapena kuposerapo pang'ono koma lero muli anthu opitirira 50,000. Minda ngati ya ku Meheba kulibe, nyumba zinagundana. Ndiye anthu ambiri anatuluka nkukatsegula mashopu ku Lilongwe, ku Mchinji, m'matauni ang'onoang'ono, ena anakwatira komweko, ana awo Chichewa chokhachokha, thandizo anasiya kulandira kalekale. Mu 2023 boma linalamula kuti onse abwerere ku kampu, mu May anayamba kuwagwira, ena anayamba agona ku ndende ya Maula asanawapititse ku Dzaleka, mashopu ndi makontena kutsekedwa. Munthu amene amadzidyetsa yekha ndi kulemba ntchito Amalawi awiri atatu anabwezedwa pa mzere wa chakudya, nthawi yomweyo WFP, bungwe la UN loona za chakudya, ikulira kuti ndalama zachepa ndipo ikudula gawo la chakudya. Ndiye mundiuze, amene anamugoneka munthu ameneyo ndi thandizo kapena ndani?

Bambo_aChiko:
Koma amalonda a ku Malawi anali kudandaula kuti alandidwa msika, nawonso ndi anthu. Ngakhale muno tuntemba twa eni dziko tunafa m'makomboni chifukwa cha mashopu amenewa.

SowetoQueen:
Tunafa chifukwa ife timadya mpamba pa maliro ndi pa kitchen party, ndikunena ndine mmodzi wa iwo. Anzathu aja amaoda pamodzi ku Kamwala anthu khumi galimoto imodzi, mtengo umatsika, amagona kuseri kwa shopu, phindu la 50 ngwee salinyoza. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, mmalo mokwiya tikanaphunzira kaodedwe kawo.

Mwana_wa_Uvira:
Ndipo mu April 2016 mukukumbuka zomwe zinachitika, mphekesera za kupha anthu mwamatsenga zitabuka mashopu anathyoledwa ku George, Zingalume, Matero, Kanyama, Chawama, anthu mazana anakabisala ku tchalitchi cha St Ignatius ku Rhodes Park. Thandizo linabwera la mabulangete ndi chakudya, tikuthokoza, ena anatengedwa kubwerera ku Meheba ndi Mayukwayukwa. Koma amene ndikuwadziwa ine kuti anatsegulanso, anadzuka ndi katundu wa nkongole kwa mahoselo amene amawakhulupirira ndi chilimba cha pakati pawo. Wa hoselo sanawafunse kuti ndinu ovutika bwanji, anafunsa kuti mubweza liti.

Kanyama_Madzi:
Ine ndikumva zonsezi koma mtima ukuwawa pang'ono. Mukukamba za ochokera kunja, nanga ife othawa madzi chaka ndi chaka? 2010 anthu anagona m'matenti pafupi ndi Independence Stadium, ndipo mpaka lero mvula ikagwa usiku ife timagona titakhala pa tebulo. A DMMU, ofesi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amabweretsa ufa, mabulangete, klorini, zikomo. Koma mayi amene makala ake matumba asanu anyowa, kapenta wake waola, firiji ya ma ice block yapsa, palibe amamufunsa za mpamba. Madzi akaphwa amapita kwa a kaloba, K500 kubweza K750 pa mwezi, ndiye mvula ina ikamabwera iye akali kubweza ya chaka chatha. Ndiye amayi a chigwirizano mukamagula makina muziyang'anakonso pa benchi yomwe mwakhala.

NaBanda_Chawama:
Mwanena zoona achimwene ndipo ena mwa amayi okana aja mfundo yawo ndi yomweyi, akuti ife tomwe tikuvutika.

Mlangizi77:
A Kanyama_Madzi mfundo yanu ndi yolemera ndipo ndi chifukwa chake Mantapala atatsegula mu 2018 ku Nchelenge, kwa anthu othawa kuchokera ku Pweto ndi Moba ku Congo, anakonza kuti sukulu, chipatala ndi msika zikhale za onse, alendo ndi eni mudzi, ndipo pa mapulogalamu a ulimi azilembako ndi a muno. Mukathandiza mlendo yekha woyandikana naye akugona ndi njala mwamupangira adani, ndipo kasitomala wake woyamba amayenera kukhala woyandikana naye yemweyo.
Kumeneko ndinaonanso kusiyana kwa ufa ndi ndalama. Nthawi ya matumba, anthu amagulitsa gawo la ufa ndi nyemba motchipa kuti apeze sopo, mchere, ndalama ya chigayo. WFP itasintha nkuyamba kutumiza ndalama pa foni, msika unadzuka, a m'midzi anayamba kubweretsa chinangwa, nsomba za ku Mweru, masamba, ndipo ena mwa othawa kwawo amapatula pang'ono nkuyamba ka geni. Koma ndalama ili ndi msampha wake, mtengo wa ufa ukakwera iyo siikwera, ndipo mseu ukaonongeka ndi mvula katundu safika mitengo nkulumpha. Kenako ikadulidwa chifukwa opereka atembenukira kwina, tigeni tija ndito timayamba kufa chifukwa ogula onse anali kudalira ndalama yomweyo.

Bambo_aChiko:
Chabwino mwandipanikiza mbali zonse koma ichi chokha musandikanize. Ndinali ndi wa renti wina kwanga, shopu ikuyenda bwino, TV yaikulu, koma tsiku lomwe a bungwe akubwera kudzayendera TV imapita kwa neba, iye wavala malaya ong'ambika. Ndinaona ndi maso anga. Chimenecho si chinyengo?

Mlangizi77:
Zimachitika ankolo sindikana. Koma onani mmene mndandanda umapangidwira: amalemba ovutikitsitsa, ndipo ukangooneka kuti wagula mbuzi ziwiri kapena wafolera malata dzina lako limachoka, pamodzi ndi thandizo la sukulu ya ana ndi la kuchipatala. Geni yako ingagwe mawa, koma kubwereranso pa mndandanda ndi nkhondo. Munthu woganiza bwino amabisa mbuzi. Kodi a kumudzi kwathu sachita chimodzimodzi akamalemba za Social Cash Transfer? Chilala cha 2024 chija a President Hichilema atalengeza kuti ndi tsoka la dziko, ndi angati anabisa matumba a chimanga kwa achibale kuti alembedwe? Thandizo limene limalanga munthu chifukwa wayamba kuimirira limaphunzitsa anthu kuoneka ogwa. Kukonza kwake nkumuuza munthu poyera kuti ulandira mpaka mwezi wakuti, upeze usapeze, kuti asaope kulimbikira.

Mwana_wa_Uvira:
Pali chinanso chimene sitikonda kunena pagulu. Ambiri mitima ili pa ndege. Aliyense akudziwa banja lomwe linapita ku America, Canada kapena Sweden ndipo likutumiza zithunzi, ndiye pali chikhulupiriro chakuti ukaoneka kuti wakhazikika fayilo yako siyenda. Kaya nzoona kaya ayi, anthu amakhulupirira, ndipo ndikudziwa bambo wina waluso pa matabwa amene anakana kumanga shedi yabwino zaka zonsezi akuti ndikupita chaka chino. Ana ake akwatira ali pompo. Opita ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi odikira, ndipo mu January 2025 America inaimitsa pulogalamu yake yolandira othawa kwawo, anthu ena anali atagulitsa kale ziwiya. Apa ndiye ndingavomereze kuti chiyembekezo chimamanga manja kuposa ufa.

Bambo_aChiko:
Ehee, ndiye sindinaname zonse.

SowetoQueen:
Munanama theka ankolo, theka linalo takukhululukirani

Paralegal_Kabwata:
Ndiwonjezere za a ku Angola chifukwa zikuonetsa kuti ngakhale munda pawokha sukwanira. Nkhondo yawo inatha mu 2002, ambiri anabwerera, ndipo mu 2012 otsala anasiya kuwerengedwa ngati othawa kwawo, a ku Rwanda akale zinawachitikira mu 2013. Zambia inachita chinthu chimene maiko ambiri sachita, inalola kuti ena akhazikike konkuno ndipo anadula minda ya mahekitala asanu kapena kuposa ku Meheba ndi ku Mayukwayukwa, yogawana ndi anthu a muno. Mayukwayukwa ija ndi ya 1966, muli anthu obadwira momwemo amene ali ndi zidzukulu, ku Angola sanapondeko. Koma kuti upeze permit pamafunika pasipoti ya dziko lako, a ku Angola inachedwa kwa ambiri, a ku Rwanda ambiri anakana kukatenga chifukwa choopa boma la kwawo. Ndiye munthu thandizo la othawa kwawo lamuthera, pepala la kukhazikika sanalipeze, minda ina ili kutali ndi mseu ndi madzi. Wopanda chitupa cha NRC kulowa mu FISP, pulogalamu ya boma ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, nkovuta ngakhale K400 yoperekayo ali nayo, nkongole ku banki ndiye musanene.

Aphunzitsi_Opuma:
Za minda yakutali ndi madzi funsani a Tonga a ku Gwembe amene anasamutsidwa pomanga damu la Kariba m'ma 1950, anthu pafupifupi 57,000 mbali zonse ziwiri za Zambezi. Anachotsedwa m'mphepete mwa mtsinje momwe amakolola kawiri pa chaka nkuikidwa kouma ngati ku Lusitu, ndipo zidzukulu zawo ndizo zimayamba kulembedwa chimanga cha thandizo chilala chikabwera. Iwo ndi nzika, NRC yobiriwira ali nayo.

NaBanda_Chawama:
Zikomo nonse, mutu wadzaza. Tsono Sabata ndikanene chiyani chogwirika? M'thumba mwatsala ndalama yokwana makina awiri.

SowetoQueen:
Makina ayi. Itanani amayi awiri aja mmodzi mmodzi muwafunse kuti kwawo amagulitsa chiyani ndipo pano akudya bwanji. Wa ku Congo mwina amadziwa kuphika chikwanga kapena kuluka tsitsi, zimenezo zili ndi ogula lero lomwe. Mpamba muwapatse pang'onopang'ono osati wonse tsiku limodzi, ndipo alowe mu village banking yanu ija pamodzi ndi amayi a muno ovutika, kuti a Kanyama_Madzi asatidandaule. Ikhale nkongole yopanda chiwongola dzanja.

Mlangizi77:
Nkongole kwa munthu amene ali ndi ngongole ya renti ine ndikukana asisi, mwezi woyamba adzabweza ndi mpamba womwewo kuti asachite manyazi kutchalitchi. Gawani ndalamayo pawiri, gawo lina likhale la ufa ndi renti kwa miyezi itatu ndipo muwauze tsiku lothera, gawo lina mpamba waulere. Nkongole ibwere ulendo wachiwiri geni itagwira.

SowetoQueen:
Chaulere sichisamalidwa a Mlangizi, ine zaka zonsezi pamsika ndaona

Mlangizi77:
Makina a mayi wachinayi uja anali aulere ndipo akali nawo.

Kanyama_Madzi:
Ine ndili mbali ya a Queen, akapatsidwa chaulere pomwe amayi a muno akubweza mu gulu lomwelo mudzamva manong'onong'o mpaka kwa abusa.

Paralegal_Kabwata:
Musanakangane za nkongole yambani ndi mapepala chonde. Ngati khadi la mu tauni linatha kapena palibe, mpamba wanu udzathera kuwombola munthu. Pali maofesi ndi mabungwe muno mu Lusaka othandiza othawa kwawo pa zimenezi kwaulere, amayi NaBanda ndilembereni ku inbox ndikuuzeni koyambira ndi zoti anyamule. Ndipo geni yoyamba ikhale ya pakhomo kapena ya maoda a anthu a mutchalitchi, osati kuyala mumseu mu tauni.

Mwana_wa_Uvira:
Uja anasamuka usiku ngati ni wa ku Congo ndipatseni dzina loyamba chabe ku inbox, osati pano. Ku kwaya yathu ya Chiswahili timadziwana, mwina ali ku Kanyama kapena John Laing kwa abale. Koma ndikamupeza ndiyamba ndamufunsa ngati akufuna kupezeka.

SowetoQueen:
Amayi NaBanda ngati mmodzi asankha za tomato kapena anyezi mubwere naye Lachinayi ku Soweto 05 koloko magalimoto akamatsitsa, ndimuonetse ooda nawo amene saika zoola pansi pa bokosi. Abwere ndi chitenge chomanga m'chiuno ndi nsapato za matope. Za nkongole ija ine sindinasinthe maganizo a Mlangizi, tikambirana mawa ndatopa